Momwe mungakonzekere kuti boti lanu la injini liloledwe pa mpikisano wothamanga ndi wotchi

Abale anga a kunyanja kuno, kuyambira ku Mtakataka mpaka ku Golomoti, komanso inu a kumtunda ku Dedza boma, ku Bembeke ndi ku Lizulu amene mumatsika Khwekhwelere kudzacheza ndi nyanja, pali nkhani imene yakhala ikundidya mumtima. Anyamata akaonera mavidiyo a F1H2O, mpikisano wa maboti othamanga wa dziko lonse lapansi, pafoni magazi amathamanga, mawa lake ali padoko kuikankha injini mpaka kulira mofuna kufa, kenako nkubwera kwa ine kuti madala, kuti ndikalowe nawo time trial yeniyeni ndipange bwanji? Ndikangofunsa za mapepala a boti, za kill cord (kachingwe kozimitsa injini woyendetsa akagwa), za laifi jaketi, nkhope zonse gwaa. Ine ntchito yanga ndi yokonza mainjini a maboti ndiye ndikuuzani mosapsatira, pa mipikisano imeneyi anthu ambiri amabwezedwa ali pamchenga boti lisananyowe nkomwe, ndipo chowabweza chimakhala kanthu koti akanatha kukakonza sabata yathayo ndi ndalama yochepa.

Time trial ndi kuthamanga kolimbana ndi wotchi. Boti limapatsidwa mtunda kapena bwalo lake, anthu a nthawi nkuliwerengera masekondi, ndipo pa mipikisano ikuluikulu nthawi imeneyo ndi imene imanena kuti pa mpikisano weniweniwo uyambira malo ati. Malamulo akuluakulu amachokera ku bungwe la UIM, loyang'anira mipikisano ya maboti a injini pa dziko lonse lapansi, lomwe likulu lake lili ku Monaco, kenako okonza mpikisano uliwonse amawonjezerapo awo. Zimene ndalemba apazi zithandiza wofuna kukalowa mpikisano kwina, zithandizanso inu amene mukuganiza zopanga kanu kakang'ono padoko lanu koma mwadongosolo.

Zoti mukhale nazo musanayambe

- Chiphaso cha unzika, ndi kalata yosainidwa ndi makolo ngati woyendetsayo sanakwane zaka 18
- Kalata ya dokotala yonena kuti thupi lili bwino
- Layisensi yoyendetsera boti, ndi layisensi ya mpikisano ngati okonzawo akuifuna
- Mapepala a kalembera wa boti ndi inshuwalansi
- Lisiti kapena pepala lililonse losonyeza kuti injini ndi yanu, lokhala ndi nambala ya injiniyo
- Laifi jaketi ya kolala ndi malamba odutsa pakati pa miyendo
- Helemeti ya mtundu wowala
- Kill cord ziwiri, ina ndi yosungira
- Nkhafi, chingwe chokokera, chokapira madzi
- Masipanala, pulayala, mapulagi atsopano, split pin za pulopela, oyilo wa giya
- Petulo woyera, oyilo wa two stroke, ndi kabotolo koyezera kolembedwa mamililita
- Penti kapena masitika a nambala, tepi yoyezera, foni ya GPS, sitopuwotchi
- Kachikwama ka pulasitiki kotseka bwino kosungiramo mapepala onsewa

1. Pezani malamulo a mpikisanowo, muwerenge nokha

Mpikisano uliwonse wadongosolo umatulutsa chikalata nthawi isanakwane, chimene amachitchula kuti advance programme. Mmenemo ndi mmene muli magulu a maboti ololedwa, tsiku lotseka kalembera, ndalama yolowera, nthawi yoyendera maboti ndi nthawi ya msonkhano wa oyendetsa. Chipezeni, musindikize, muwerenge ndi cholembera m'manja. Ngati Chingerezi chake chikuvuta khalani pansi ndi mnzanu wochidziwa muzimasulirana ndime ndi ndime, palibe chamanyazi apa.

Chenjezo: musadalire zoti "ndinamva kwa aujeni". Malamulo amasinthidwa chaka ndi chaka, ndiye aujeniwo mwina akunena zoona koma za zaka zitatu zapitazo. Ndipo tsiku lotseka kalembera likadutsa ladutsa, kudandaula kuti netiweki kunalibe sikutsegula buku.

2. Dziwani gulu la boti lanu ndi injini yanu

Apa ndiye pagona nkhani yonse, ndichedwapo pang'ono. Maboti sathamanga chisawawa, amawaika m'magulu potengera mphamvu ya injini, kapangidwe ka boti, nthawi zina ndi zaka za woyendetsa. Ku UIM kuli gulu la GT15 la ana ndi achinyamata ongoyamba kumene lomwe injini yake ndi ya mahosipawa 15, kuli GT30 ya mahosipawa 30, kuli F4 yomwe amagwiritsa ntchito Mercury ya 60 ya four stroke, kukwera choncho mpaka kukafika ku F1H2O kuja mumaonera pafoni, maboti a mimba ziwiri othamanga kupitirira makilomita 200 pa ola. Boti lathu lamatabwa lophera usipa silingalowe m'magulu amenewa, kapangidwe kake ndi kena, koma nzeru yake ndi imene tiyenera kutengera: wa 15 athamange ndi wa 15, wa 25 ndi wa 25, wa fote ndi anzake a fote. Lamatabwa palokha, la faibala palokha.

Ndiye chitani izi. Pitani kumbuyo kwa boti, yang'anani pa bulaketi pamene injini imaluma thabwa lakumbuyo, mupeza kachitsulo kolembedwa mtundu wa injini ndi nambala yake. Pukutani, jambulani ndi foni, nkulemba nambalayo pafomu ndendende mmene ilili. Oyendera maboti amakhulupirira kachitsulo kameneka ndi zimene apeza mkati mwa injini, chivindikiro sawerengera chifukwa aliyense akudziwa kuti chivindikiro ndi sitika zimasinthidwa mphindi ziwiri.

Pali kachinyengo kena kodziwika komwe ndikufuna ndikatchule poyera. Yamaha ya two stroke ya 9.9 ndi ya 15 thupi lake ndi limodzi, zonse ndi 246 cc, kusiyana kwake kuli pa tizinthu tochepa ngati kabuleta. Ndiye munthu amatha kutenga ya 9.9 nkuisandutsa 15 chivindikiro chili chomwecho cholembedwa 9.9, nkukalowa gulu la ang'onoang'ono. Makaniko aliyense wozidziwa amazigwira zimenezi akangotsegula. Tsiku lina mnyamata wina anandibweretsera injini kuti ndimupangire zoterezi, ndinamukaniza, ndinamuuza kuti ngati ukufuna mphamvu ya 15 tiyeni tiipange koma ukalembetse kuti ndi 15. Anachoka atakwiya koma ine mtima wanga unali mmalo, chifukwa wobedwa pamenepo akanakhala mnzake wa padoko lomwelo amene wasunga ndalama miyezi kuti alowe nawo.

Magulu ambiri a ongoyamba amafuna injini ikhale mmene inachokera ku fakitale. Kutanthauza kuti kupala hedi, kukuza mabowo a mu silinda, kusintha majeti kupyola zololedwa, kuchotsa chochepetsa liwiro la injini, zonsezo zimakutulutsani. Vuto ndi loti injini zathu zambiri ndi zogula kwa munthu, zadutsa m'manja mwa amakaniko asanu, ndiye mwina inasinthidwa kale inu osadziwa. Itengereni kwa makaniko amene mumamukhulupirira aitsegule aone tsiku lisanafike. Oyendera samva zoti "ndinagula ili choncho".

3. Konzani mapepala a inu mwini

Zaka: gulu lililonse lili ndi zaka zake zoyambira, ndipo amafuna umboni wolembedwa. Mwana wosakwana 18 pafunika kholo kapena womuyang'anira asaine, ndipo nthawi zambiri akhalepo tsikulo.

Dokotala: pitani ku chipatala, kaya ku Mua kaya ku chipatala chachikulu pa Dedza boma, mutanyamula fomu ya okonza mpikisano ngati ali nayo yawoyawo. Amaona maso, mtima, BP, ndiponso amafunsa ngati munagwapo khunyu kapena kukomoka. Apa chonde nenani zoona. Munthu wodwala matenda akugwa akagwidwa ali pamtunda anthu amamuthandiza, koma pamadzi boti lili pa liwiro ndi maliro, mwinanso osati ake okha. Ngati mumavala magalasi muwauze alembe.

Layisensi: pali ziwiri zosiyana ndipo anthu amazisokoneza. Ina ndi chiphaso choti mumatha kuyendetsa boti, zimenezi kwathu kuno ndi za a Marine, dipatimenti ya boma yoona za maboti, ndipo sukulu yophunzitsa za panyanja ili ku Monkey Bay, kuchokera pa Golomoti si patali. Inayo ndi layisensi ya mpikisano yomwe imaperekedwa ndi bungwe la masewerowa la dziko lomwe lili pansi pa UIM. Ngati maso anu ali pa mpikisano wa kunja, tinene ku South Africa, lemberani kalabu yomwe ikukonza mpikisanowo miyezi ingapo isanakwane muwafunse njira imene mlendo amatsata kuti apatsidwe layisensi, ndipo yankho lawo likhale lolembedwa, musakwere basi ndi mawu apakamwa.

Kusambira: sindikunena kuvundula madzi m'mbali mwa doko ayi. Valani jaketi ndi helemeti ndi zovala zonse zimene mudzavale tsikulo, dumphirani pakuya anzanu ali pafupi ndi boti, muone mmene thupi limalemerera. Kwa oyendetsa maboti otsekedwa pamwamba aja, amene munthu amamangidwa malamba mkati, UIM imafuna mayeso apadera: amakumangira m'chipinda chofanana ndi cha boti, nkuchigadabuza m'dziwe, iwe utuluke wekha mutu uli pansi. Wolephera zimenezi saloledwa kuthamanga.

4. Konzani mapepala a boti

Boti la injini liyenera kukhala lolembetsedwa ndi kuyenderedwa ndi a Marine, ili ndi lamulo la dziko ngakhale pasakhale mpikisano. Onani kuti mapepalawo sanathe nthawi ndipo dzina lili pamenepo ndi lanu. Ngati boti ndi la ankolo anu kapena la abwana amene mumawagwirira ntchito, alembe kalata yoti akulolani kukathamangitsa, asaine. Kutenga boti la eni ake mwakabisira nkukaliphwanya ndi mlandu woti umatha ubale.

Inshuwalansi afunseni bwinobwino ngati ikugwira ntchito pa mpikisano, chifukwa zambiri zimakana ngozi yochitika pothamangitsana. M'magulu a UIM boti limakhalanso ndi pepala la miyezo losonyeza mulitali, mulifupi ndi kulemera kwake.

Nambala ya mpikisano ilembedwe mbali zonse ziwiri, zilembo zikuluzikulu zakuda pamalo oyera kapena mmene chikalata chanenera. Wogwira wotchi ali kutali ndipo dzuwa likumuthobwa m'maso, akalephera kuwerenga nambala yanu nthawi yanu ipita kwa wina.

5. Jaketi, helemeti ndi kill cord

Majaketi aja ofewa amene amapachikidwa m'maboti onyamula anthu, ena zipi inafa kalekale, amenewo ayi. Ya mpikisano imafunika ikhale ndi kolala yotukula mutu, yoti ngakhale munthu wakomoka imutembenuze nkhope kuyang'ana kumwamba, ndiponso malamba odutsa pakati pa miyendo. Popanda malamba amenewa ukamenya madzi pa liwiro jaketi imakwera nkukuvula ngati malaya. Ikhale ya saizi yanu, yosang'ambika, yamtundu wowala. Kuyesa kwake nkosavuta, valani, mangani, mnzanu agwire m'mapewa akoke m'mwamba, ikafika m'makutu ndiye kuti ndi yaikulu kapena simunamange.

Helemeti ikhale yolimba, yosasweka paliponse, lamba wake wogwira, ndipo mtundu wake wowala, ambiri amavala ya olenji. Chifukwa chake nchoti munthu akagwera m'madzi chimene chimaoneka ndi mutu wokha, ndiye helemeti yakuda pakati pa mafunde opulumutsa saiona, woyendetsa boti lobwera kumbuyo saionanso. Tizipewa tija ta akabaza topepuka ngati chigoba cha dzira musayerekeze, ndipo chisoti cha pa ntchito ya zomangamanga si helemeti.

Tsopano kill cord. Ndi kachingwe kofiira kopotanapotana kamene mbali ina kamalowa pa switchi ya injini mbali ina mumamangirira pathupi, mukagwa kamazuka injini nkuzima. Padoko lililonse kuno mupeza injini zoti kachingweka kanatayika ndiye anthu anangomangapo waya kapena kulowetsapo kamtengo kuti izilira basi, ine zimenezi zimandiwawa kwambiri. Boti la injini yogwira ndi dzanja woyendetsa akagwa silipita kutali, injini imakhotera mbali imodzi boti nkuyamba kuzungulira, ndipo pozungulirapo limabwerera pomwe pali munthu uja pulopela ikuzungulira. Oyendera adzakuuzani kuti lizani injini, kenako kokani chingwe, ikapanda kuzima pompo mwatuluka. Yesani nokha kunyumba katatu konse. Mangirirani pa mwendo kapena pa ringi yolimba ya jaketi, ndipo musachitalikitse ndi chingwe china, chikatalika mumagwa icho chisanazuke.

6. Yenderani boti lonse ngati ndinu woyendera

Yambani kutsogolo kumalizira kumbuyo, pang'onopang'ono, dzanja likukhudza.

Kutsogolo kukhale ringi yolimba yokokera. Thupi la boti lisakhale ndi mng'alu, misomali yotuluka kapena thabwa lofumbwa. Thabwa lakumbuyo lonyamula injini ligwedezeni mwamphamvu injini ili pomwepo, likamasewera ndiye kuti ntchito ilipo. Injini imangidwe ndi mabawuti obowoleza, osangodalira zopotera ziwiri zija, chifukwa pokhota mwamphamvu injini imatha kudumpha nkumira. Boti likhale ndi zoliyandamitsa zomangidwa bwino mkati kuti likadzaza madzi lisapite pansi, kwa ife a maboti amatabwa zigubu zopanda kanthu zotsekedwa bwino zomangidwa pansi pa mipando zimathandiza, bola okonza mpikisano avomereze. Thanki ya petulo imangidwe ndi lamba, paipi yake isadonthe, batire ngati lilipo limangidwenso ndi kuphimbidwa. Chilichonse chongoyendayenda mkati, nangula, miyala, ndowa, zitsike.

Mafuta a injini, ndikunena chopotera chija, chizibwerera chokha kapena mosavuta mukachisiya. Ngati boti ndi la chiwongolero onani zingwe zake kuti sizinayambe kuthothoka.

Za kulemera: magulu ambiri ali ndi kulemera kochepetsetsa kololedwa, boti ndi injini ndi woyendetsa pamodzi, ndipo sikelo imabwera mukamaliza kuthamanga, petulo atapsa kale ndipo madzi a mkati atakapidwa. Apa ndi pamene anthu ochepa thupi amagwera. Munthu amayeza m'mawa thanki ili yodzaza nkuona kuti zili bwino, pomaliza wapezeka wapepuka ndi kilo imodzi, nthawi yake yabwino ija nkufufutidwa. Yezani thanki ili pafupi kuuma ndipo siyani mpata wa makilo angapo. Cholemetsa chowonjezera chimangidwe ndi mabawuti, thumba la mchenga longoponya mkati salola.

7. Injini ndi mafuta

Sevisi ipangeni sabata imodzi tsiku lisanafike kuti mupeze nthawi yoiyesa, osati usiku wake ndi tochi. Mapulagi atsopano, sefa ya petulo yoyera, kabuleta yotsukidwa. Ikalira onani ngati ikukodza bwino, kamadzi kaja kakamatuluka mofooka impela yopopa madzi ozizitsa injini yatha, sinthani, chifukwa pa liwiro lonse injini yosazizira bwino imagwira pisitoni. Tsegulani oyilo wa giya, akatuluka woyera ngati mkaka ndiye kuti madzi akulowa, masilo asinthidwe. Pulopela ikhale yosapindika yosabenthuka, nati yomangidwa ndi split pin yatsopano, msomali wopinda si split pin.

Kusakaniza: tsatani buku la injini yanu. Pa muyezo wa 50:1, malita 20 a petulo amafuna mamililita 400 a oyilo, malita 10 amafuna 200. Yezani ndi kabotolo, zoyeza ndi maso zija zimapha injini. Petulo gulani pa filing'i siteshoni, wa m'zigubu wa m'mbali mwa msewu simudziwa kuti wasakanizidwa ndi chiyani, ndipo pa mipikisano yadongosolo amatha kutunga mafuta anu nkuwayeza, akapeza zachilendo mlandu ndi wanu osati wa wogulitsa. Zothira zowonjezera mphamvu zisiyeni pokhapokha chikalata chitalola.

8. Dziyeseni nokha pa kilomita imodzi

Musanaike chigubu ngakhale chimodzi pamadzi, kaonaneni ndi amfumu ndi a komiti ya padoko, a BVC, muwauze tsiku ndi nthawi. Nyanjayi anthu amadyerapo, pali matchera otcheredwa, pali ana osamba, pali amayi ochapa, ndiye kungofika nkuyamba kuliza injini ndi chipongwe komanso mukhoza kudula ukonde wa munthu. Pewani kufupi ndi mabango ndi kumene mitsinje ngati Bwanje imathira m'nyanja, kumeneko kuli mvuu ndi ng'ona, ndipo nthawi ya dzinja madzi amabweretsa zitsa zoyandama zosaoneka bwino.

Nthawi yabwino ndi m'mawa asodzi a usipa atakocheza kale, mphepo isanadzuke. Miyezi ya mwera, kuyambira cha mu May mpaka August, nyanja imasintha nkhope mwadzidzidzi, mukaona mafunde ayamba kuchita thovu pamwamba ingobwererani.

Yezani kilomita imodzi ndi GPS ya pafoni, ikani zigubu zowala ziwiri zomangidwa ku miyala. Siyani mtunda wokwanira wothamangira musanafike pa chigubu choyamba kuti mudutsepo muli kale pa liwiro, ndi wina wochepetsera mukadutsa chachiwiri. Thamangani kupita, thamanganinso kubwera, chifukwa ulendo umodzi mphepo imakukankhani wina imakubwezani. Ngakhale marekodi a dziko lonse lapansi amawerengedwa choncho, maulendo awiri mbali zosiyana. Ken Warby wa ku Australia pamene anafika makilomita 511 pa ola pa Blowering Dam mu 1978, rekodi imene ilipobe mpaka lero, anawerengera kupita ndi kubwera komwe.

Masamu ake ndi awa: tengani 3600 mugawe ndi masekondi amene mwatenga pa kilomita. Mwachitsanzo popita mwatenga masekondi 100, pobwera 120, pakati pake ndi 110, ndiye 3600 kugawa ndi 110 ikukupatsani makilomita pafupifupi 32.7 pa ola. Ngati foni ikuonetsa ma knot, knot imodzi ndi makilomita 1.852 pa ola. Lembani m'kope nthawi iliyonse pamodzi ndi zimene mwasintha, kaya pulopela, kaya kakwezedwe ka injini, kaya malo amene mwakhala m'boti, ndipo muzisintha chinthu chimodzi pa ulendo umodzi kuti mudziwe chimene chathandiza.

Chenjezo lalikulu: boti lachiwiri lopulumutsa likhale pamadzi injini ikulira, muli anthu awiri odziwa kusambira. Popanda limeneli musayese.

9. Tsiku la mpikisano

Inu ochokera kumtunda amene mukukoka boti pa ngolo, Khwekhwelere mukumudziwa, onani mabuleki ndi zomangira musanayambe kutsetsereka, ndipo nyamukani usikusiku kuti musathamange pamsewu. Kuzizira kwa ku Dedza kumapusitsa, kunyanja kukutentha, nyamulani madzi akumwa ambiri.

Mukafika yambani ku tebulo la kalembera ndi kachikwama ka mapepala kaja. Kenako boti lipite kwa oyendera, zimene amazitcha scrutineering, inu muli pomwepo ndi jaketi, helemeti ndi kill cord m'manja. Akapeza vuto musakangane nawo, funsani mwaulemu kuti bwana ndikonze chiyani ndipo ndibwerenso nthawi yanji, kawirikawiri wofika msanga amapatsidwa mpata wokonza. Boti likadutsa musasinthenso kanthu osawauza.

Msonkhano wa oyendetsa ndi wokakamiza, amaitana maina, ndipo wosapezekapo sathamanga ngakhale boti lake litadutsa zonse. Kutuma mnzanu sikuwerengedwa. Kumeneko ndi kumene amanena njira, mbali yodutsira zigubu, ndi tanthauzo la mbendera. Mwachizolowezi yofiira ndi kuima, yachikasu ndi kuchenjeza kuti kutsogolo kuli choopsa chepetsani, yakuda ikaonetsedwa kwa inu bwererani kumtunda, ya mabokosi akuda ndi oyera ndiye kuti mwamaliza. Koma mverani za tsikulo. Pamene simunamve kwezani dzanja mufunse, kufunsa ndi kudziwa njira.

Mowa ndi chamba ziiwaleni kuyambira dzulo lake. Amatha kukupumitsani m'kachipangizo koyezera mowa m'mawa, ndipo matsire a usiku amaonekabe. Ngati mukumwa mankhwala a kuchipatala nenani kwa dokotala wa pa mpikisano musanalowe m'madzi.

10. Mukamaliza kuthamanga

Musathamangire kukasangalala. Boti lipititseni pamalo amene anena, musatsegule chivindikiro, musathire kapena kuchotsa kanthu mpaka oyendera atakumasulani. Amene achita bwino ndi amene injini zawo zimatsegulidwa kwambiri, ndiye khalani ndi masipanala anu ndi makaniko wanu pafupi. Ngati mukuona kuti nthawi yanu yalembedwa molakwika kapena mnzanu waphwanya lamulo, dandaulo limalembedwa papepala nkuperekedwa m'nthawi yochepa imene chikalata chanena, nthawi zambiri ndi kandalama kake. Kukalipa pagulu sikusintha zotsatira.

Zolakwika zimene ndimaziona kawirikawiri

Kubwereka injini ya mnzanu m'mawa wa tsikulo chifukwa yanu yavuta, nambala pafomu ili ya injini yakale. Auzeni a kalembera asinthe ndipo oyendera aionenso, apo ayi nthawi yanu sidzawerengedwa.

Kusinthana woyendetsa mwakachetechete. Wolembetsa ndi mkulu wake, wothamanga ndi mng'ono wake chifukwa ndi wopepuka. Zikadziwika nonse mwatuluka, ndipo pakachitika ngozi inshuwalansi siidziwa munthu ameneyo.

Kuvala jaketi osamanga malamba a m'miyendo poti akusowetsa mtendere, kapena kumasula lamba wa helemeti chifukwa cha kutentha. Oyang'anira poyambira amaona zimenezi ndipo amakubwezani pamzere.

Kukoleka kill cord pa chogwirira cha injini mmalo mwa pathupi. Ichi ndiye chimandiopsa kuposa zonse, chifukwa poyendera chinadutsa bwinobwino koma pamadzi sichikugwira ntchito iliyonse.

Kukweza injini kwambiri pofuna liwiro mpaka mabowo okokera madzi ayamba kumwa mpweya. Liwiro limakweradi pang'ono, kenako injini yatentha pakati pa ulendo. Mukakweza, yang'anani kukodza kuja boti lili pa liwiro lonse komanso pokhota.

Kuika pulopela ya pitch yaikulu (pitch ndi kapendekedwe ka mapeni ake) poganiza kuti yaikulu ndiye yothamanga. Injini ikalemedwa siifika pa mazungulidwe ake, Yamaha 15 ya two stroke imafuna pakati pa 4500 ndi 5500 pa mphindi mukatsegula mafuta onse, ikatsika pamenepo mukungotentha petulo. Bwerekani kachipangizo kowerenga mazungulidwe muyese mapulopela awiri kapena atatu pa kilomita yanu ija.

Kudula chigubu, kapena kuchidutsa mbali yolakwika. Ulendo umenewo umafufutidwa kapena mumapatsidwa chilango, ndipo kubwerera m'mbuyo kuti mukachizungulirenso nkoopsa ngati kumbuyo kukubwera boti lina.

Mafotokope okhaokha. Nyamulani mapepala enieni, mafotokope akhale apadera, ndipo zithunzi zake zikhalenso mufoni. Kalata ya dokotala onani deti lake, ya chaka chatha ambiri sailandira, ndiye ngati yanu yatsala pang'ono kutha pitani ku chipatala sabata ino fomu ili m'manja.